Achimwene a Gomtang

Pali chinthu chimene ndinakhala nacho pafupifupi chaka osauza munthu, ngakhale amayi, ngakhale mchimwene wanga Taeung amene ndi mwini wake wa dzinalo: Gomtang ndinali ine. Anyamata anayi a pasukulu pathu ankandilemekeza madzulo alionse, kunditcha achimwene, kupepesa akalakwitsa, ndipo m'mawa mwake mmodzi wa iwo ankamenya mpando wanga ndi phazi m'kalasi, osadziwa kuti ndi munthu yemweyo.

Dzina langa ndine Yeo Saebyeol. Sindilankhulalankhula. Si kuti ndilibe zonena, koma mawu akafika pakhosi amaima kaye, ndipo akamati atuluke anthu amakhala atapita kale pa nkhani ina. M'kalasi ankanditcha Mzukwa. Anayambitsa ndi Gichan, amene amakhala kumbuyo kwanga.

"Dusik, pa desiki apa pali munthu?" ankatero. "Ine ndikungoona chikwama chikuyenda chokha."

Dusik ankaseka chifukwa Gichan waseka. Ndi mmene alili Dusik.

Za Gomtang zinayamba pamene Taeung ankapita ku usilikali. Atameta kale mpala, katundu ali pakhomo, anandiitanira kuchipinda kwake n'kundilozera kompyuta. Akaunti yake anaipatsa dzina la msuzi wa mafupa chifukwa ndi umene ankadya tsiku limene ankaitsegula.

"Tamvera iwe," anatero. "Gemu imeneyi ukakhalitsa osasewera imakutsitsa. Ndavutika zaka kuti ndifike pa mlingo wa Golide. Uzilowa kamodzi pa sabata, usewere kamodzi, utuluke. Ukaluza palibe kanthu, bola isamandiyese wakufa. Usalankhule ndi munthu. Wamva?"

Ndinagwedeza mutu. Chimene iye sankadziwa n'chakuti ndinali nditaionera gemuyo kuyambira ndili wamng'ono, nditakhala pansi kumbuyo kwa mpando wake ndikusenda manachesi. Sanandilolepo kugwira mausi. Koma ndinkaona pamene walakwitsa iye asanadziwe, ndipo ndinkangomeza.

Kamodzi pa sabata kaja kanasanduka tsiku lililonse. Amayi amabwera mochedwa kuchokera kusitolo, ndiye ndikaweruka nyumba imakhala yanga. Nyengo yozizira isanathe, Gomtang anachoka pa Golide n'kufika pa Dayamondi, pamene Taeung sanafikepo m'moyo wake. Lamlungu lina anaimba foni kuchokera ku kampu, ataona zimenezi.

"Pasiwedi yanga wapatsa ndani?"

Ndinkadikira kuti mwina aganize yekha.

"Ndikufunsa. Ndi mnyamata wa m'kalasi mwanu eti?"

"Eee," ndinatero.

"Umuuze asatukwane anthu, anganditsekere akaunti. Koma amatha, mwana ameneyo." Anaseka, n'kufunsa ngati amayi atumiza masokosi.

Anyamata aja ndinakumana nawo mwangozi. Gemuyo ndi ya asanu kulimbana ndi asanu, ndipo ukakhala wekha imakuponya m'gulu la anthu osawadziwa. Tsiku lina inandiponya m'gulu la anayi amene ankangofa ngati ntchentche, uku akutukwanana. Ndinawapulumutsa ndi uta wanga, tinapambana, ndipo anandiitana kuti ndilowe m'chipinda chawo cholankhulirana pa intaneti. Funso loyamba linali la nthawi zonse, la chaka chobadwa, kuti tidziwe wolemekeza mnzake. Ndinalemba chaka cha Taeung.

"Aaa! Ndinu achimwene! Pepani achimwene, tinakutukwanani muja osadziwa. Dusik, pepesa iwe, mbuzi!"

Mawu amenewo ndinkawamva tsiku lililonse kumbuyo kwa khosi langa. Anali Gichan. Winayo anali Dusik, ndipo awiri otsalawo anali mapasa a m'kalasi yoyandikana nafe.

Atafunsa chifukwa chimene sindikutsegula maiki, ndinalemba kuti ndimachita lendi kachipinda ka makoma opyapyala, anzanga oyandikana nawo amadandaula. Anamvetsa. Anandimvera mpaka chisoni. Ndinkalemba mwachidule ngati Taeung: Kumanzere. Bwerera. Usafe, chitsiru. Ndikalemba "chitsiru" Gichan ankayankha, "Pepani achimwene, ndikonza." Kunena zoona, palibe chimene chinandikomerapo ngati mawu amenewo.

Ankalankhula zonse ine ndikumva. Ankaika atsikana a m'kalasi mwathu pa mndandanda wa kukongola, kukangana za miyendo ya uyu ndi mano a uyo. Tsiku lina mmodzi wa mapasa anafunsa za mtsikana wokhala kutsogolo kwa Gichan.

"Mzukwa?" anatero Gichan. "Amene uja sitiwerengera. Achimwene, tili ndi kanthu kena m'kalasi mwathu, ukakayang'ana umaona bolodi kuseri kwake."

Onse anaseka. Ine ndinalemba chiseko changa, tizilembo tiwiri, n'kudina batani loyambira gemu ina.

Nkhani ya Miru inayambira m'kalasi ya aphunzitsi a Pyo. Anatipatsa mtsutso, mutu wake woti kodi magemu ndi matenda. Iwo anali atanena kale maganizo awo asanatifunse athu. Mtsikana wina wa kutsogolo anaimirira n'kunena kuti osewera magemu sasamba, amanunkha masokosi ndi manudulo a m'paketi aja otchedwa ramyon, amakalipira amayi awo, ndipo akakula amakhala m'chipinda mpaka tsitsi lituwe. Aphunzitsi anagwedeza mutu movomera. Gichan anafiira nkhope.

"Amenewo ndi makape ongotaya nthawi," anatero. "Wosewera weniweni amaphunzira gemu ngati mmene inu mumaphunzirira masamu. Ifeyo timagwiritsa ntchito mutu."

"Ndiye mutuwo uziubweretsanso ku mayeso," anatero aphunzitsi, kalasi n'kuseka.

Apa ndi pamene Ban Miru anakweza dzanja. Miru ndi mtsikana amene amapaka milomo mobisa pa nthawi yopuma, amaseka mokweza, ndipo pa mndandanda wa anyamata uja anali wachiwiri.

"Inenso ndimasewera," anatero, "koma ndimasamba."

Kalasi inasekanso, ndipo Gichan, amene anali atasekedwa kale kamodzi, anatembenukira kwa iye.

"Kuphwanya maswiti pa foni si kusewera. Zimenezo azakhali anga amachita ali kuchimbudzi."

Miru anatchula dzina la gemu yathu. Kenako anati, "Dayamondi. Nanga iwe?"

Gichan anali pa Golide, ndipo ngakhale pamenepo ndinamufikitsa ndine. Anamwetulira.

"Dalaivala ndani?"

Anyamata anayamba kumenya madesiki. Munthu amene wakwera chifukwa chonyamulidwa ndi mnzake wodziwa timati wakwera basi, ndipo wonyamulayo ndi dalaivala. Mtsikana akakhala pamwamba, funso limakhala limenelo nthawi zonse. Ena amati chibwenzi, ena amati amalume a pa intaneti amene amangofuna kumva mawu a mtsikana.

"Ndilibe dalaivala."

"Onse amatero."

"Ndiyese."

Ndi mmene anapanganirana. Lachisanu tikaweruka, ku pisibang ya pamwamba pa malo ogulitsa nkhuku, pamene pali makompyuta mizeremizere olipira pa ola. Miru asewere pa akaunti yake aliyense akuona, Dusik ajambule manja ake ndi foni kuti pasakhale chinyengo, mmodzi kwa mmodzi, woyamba kupha mnzake katatu wapambana. Miru anafunsa ngati asewera ndi Gichan.

"Ine ndingakuvulaze, kenako udzati ndinali ndi chidani," anatero Gichan. "Tili ndi achimwene athu. Dayamondi weniweni."

Madzulo ake anandipempha onse anayi.

"Achimwene, tikugwada. Pali kamtsikana kena kakudzimva. Mukakasiya, mawa aliyense wa maswiti azidzitcha wosewera. Ndinu nokha, achimwene. Musakasiyire ngakhale mpweya."

Ndikanatha kunena kuti ndili ku ntchito. Ndikanatha kulemba kuti musiyeni, ndipo akanamusiya, chifukwa mawu a achimwene satsutsidwa. Ndinaganizira mawu akuti "ndinu nokha" kwa kanthawi. Ndinalemba kuti chabwino.

Lachisanu ndinathamanga kuchokera kusukulu, ndinalowa m'nyumba osavula ngakhale yunifolomu. Gichan anasiya maiki yake yotsegula kuti ndizimva zonse. Kunali phokoso, mipando ikukokedwa, wina akuitanitsa ramyon. Anyamata anadzaza kumbuyo kwa mpando wa Miru.

"Sankha wochiritsa anzake, ndi amene mumamudziwa atsikana!" wina anakuwa.

Miru anasankha wa mipeni iwiri, wankhondo amene amafuna manja achangu, wosabisala kumbuyo kwa munthu. Ine ndinatenga uta wanga.

Anandipha koyamba.

Sindinamupatse dala. Anadikira kuseri kwa mwala nthawi yaitali kuposa mmene mnyamata aliyense angapirire, ine n'kuganiza kuti wathawira kwina, ndipo nditangotulutsa mutu anali kale pakhosi panga. Ndinazindikira kasewero kameneko. Ndi ka munthu amene anaphunzira yekha, mwakachetechete, akudziwa kuti akalakwitsa kamodzi palibe amene adzamukhululukire. Mumtima mwanga munadumpha kanthu konga chimwemwe. Ndinafuna kumulembera kuti: unadziwa bwanji?

M'mahedifoni munali zii. Kenako kunong'ona kwa Gichan, pakamwa pali pafupi ndi maiki.

"Achimwene, mukungomusewera eti? Mwamupatsa dala eti?"

Ndinadziwa kuti ndikaluza, mawa lake sindidzakhalanso achimwene. Ndidzakhala munthu wamkulu wa m'kachipinda ka lendi amene anagonja kwa mtsikana, ndipo adzandichotsa m'gulu osatsanzika.

Ndinakhala bwino pa mpando. Miru ankasewera ndi mausi yachilendo, anthu akumupumira m'khosi, foni ya Dusik ili pamwamba pa zala zake. Ine ndinali ndekha m'chipinda cha Taeung, chitseko chotseka. Ndinaona kuti akaphonya amalumphira kumanzere, nthawi zonse kumanzere. Ndinayamba kuponya muvi pamene adzafikire, osati pamene ali. Ndinamupha kamodzi. Ndinamupha kachiwiri. Pisibang yonse inkakuwa dzina la msuzi.

Kachitatu ndikanatha kumumaliza msanga. Moyo wake unatsala kamzere kakang'ono kofiira.

"Chedwetsani, achimwene! Chedwetsani tijambule bwino!"

Ndinachedwetsa. Ndinamulola athawe. Akafika pa botolo la mankhwala ndinkaliphwanya ndi muvi iye atatsala pang'ono kuligwira. Akatembenuka kuti amenyane, ndinkabwerera m'mbuyo pang'ono pokha, mipeni yake izingodula mphepo. Ndinamuzungulitsa bwalo lonse chonchi, anyamata akuimba nyimbo ya ana ya basi. Nditatopa ndinamulasa, n'kuimitsa Gomtang pamwamba pa mtembo wake, n'kudina batani lovinira.

Gemu ikatha pali mwambo. Woluza ndi wopambana amalemberana kuti mwasewera bwino, ngakhale mutadana bwanji. Ngakhale Gichan amalemba. Panapita kanthawi, kenako pa sikirini panatuluka mawu a Miru.

Mwasewera bwino.

Palibe amene anandiuza choyankha. Ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa ndayesa kangapo kuzikankhira kwa Gichan ndipo sizikukankhika. Zala zanga zinalemba zokha, mofulumira, mwa kalembedwe ka achimwene.

Uza dalaivala wako abwere yekha.

Phokoso limene linatuluka m'mahedifoni linandipweteka makutu. Ndinawavula. Ndinapita kukhitchini, ndinamwa madzi, ndipo ndinapeza kuti ndikumwetulira.

Pofika Lolemba vidiyo inali pa foni ya aliyense. Anadula mbali imene Miru anandipha. Anasiya kuthawa kwake, kuvina kwanga, mawu anga aja atakulitsidwa, ndi zala zake pa kiyibodi. Anaikamo kulira kwa hutala. M'makhonde anyamata ankatulutsa makadi awo okwerera basi, kumugunditsa Miru paphewa kapena pamsana, n'kunena kuti "bip". Ena anali a makalasi amene sankamudziwa n'komwe. Wina anamugunditsa pansi pa msana, anzake n'kugwa ndi chiseko. Aphunzitsi a Pyo ataona anapukusa mutu n'kunena kuti izi ndi zimene ankanena za magemu, ndipo anauza Miru kuti mtsikana wanzeru ngati iye sakanayenera kupita kumalo otero poyamba pomwe.

Atsikana anzake anamuuza kuti angoiwala, si gemu chabe? Mtsikana wa kutsogolo uja anati iye anadziwa kale kuti Miru ankangofuna anyamata amuone.

Sabata imeneyo ine ndi Miru ndi amene tinali pa ntchito yokolopa kalasi. Enawo anathawa, tinatsala awiri. Anakolopa mbali ya mawindo osalankhula, kenako anaima, atatsamira mtengo wa mopu. Ndikuganiza kuti analankhula chifukwa ndinali ine. Kulankhula ndi Mzukwa kuli ngati kulankhula wekha.

"Ukudziwa chimene chikundinyansa? Munthu ujayo amatha. Amathadi. Anaona kuti ndimalumphira kumanzere, ine mwini wake sindinkadziwa. Ndikanakonda nditasewera naye mbali imodzi tsiku lina." Anaseka pang'ono. "Bambo wamkulu, ndevu pepeya, kuvina pa mtembo wa mwana wa sukulu. Ndiye akuti wosewera weniweni ameneyo."

Ndinafinya mopu mu ndowa, ngakhale inali yofinya kale.

"Ndaifufuta gemuyo," anatero. "Iwe umasewera?"

Ndinapukusa mutu.

"Usayambe."

Madzulo ake ndinalowa monga mwa masiku onse, ndipo anandilandira ndi "Achimwene afika!" Sindinganame kuti sizinandikomere. Zinandikomera.

Kenako pisibang ija inalengeza mpikisano wa magulu a m'dera lathu. Osewera onse asanu ankayenera kubwera okha, kukhala pa mipando, kuonetsa nkhope. Gichan analembetsa gulu lathu asanandifunse. Mnyamata wa pakauntala atalowetsa dzina lakuti Gomtang, kompyuta inalizindikira, chifukwa Taeung ankasewera pomwepo ali pasukulu. Anawerenga dzina la mwini wake mokweza: Yeo Taeung. A Yeo si ambiri. Pasukulu pathu ponse ndilipo ndekha.

M'mawa mwake ndinapeza kabotolo ka mkaka wa nthochi pa desiki langa. Gichan anaima pambali, manja kumbuyo, Dusik ali kuseri kwake.

"Saebyeol," anatero. Aka kanali koyamba kumva dzina langa m'kamwa mwake. "Yeo Taeung ndi achimwene ako?"

Ndinagwedeza mutu. Zinali zoona.

"Aaa, iwe! Bwanji osanena? Chaka chonse ungotiyang'ana! Dusik, ndi mlongo wa achimwene uyu!" Anakanda m'mutu. "Zija za Mzukwa zija, kunali kucheza. Sunawauze eti? Usawauze."

Ndikanati ali ku usilikali, funso lotsatira likanakhala lakuti nanga akusewerayo ndani. Ndinangogwira kabotolo kaja. Kanali kozizira.

Sabata imeneyo mpando wanga sunamenyedwe. Mapasa ankandiweramira pang'ono m'khonde. Pa nkhomaliro Dusik anandipatsa soseji yake. Ankandifunsa ngati achimwene ndi aatali, ngati ali ndi chibwenzi, amakonda khofi wotani, n'chifukwa chiyani amachita lendi m'malo mokhala kunyumba. Ine ndinkayankha ndi mutu kapena ndi liwu limodzi, iwo n'kumati, "N'chimodzimodzi achimwene, salankhula zambiri. Ndi za m'magazi." Mnyamata wina atandigunda pa masitepe, Gichan anamugwira pa kolala kuti apepese. Sindinakhalepo wotetezedwa chonchi. Ndipo Miru ankadutsa pomwepo, "bip" akumutsatira, ine ndili pakati pa anyamata anayi ndikumwa mkaka wa nthochi. Anandiyang'ana kamodzi. Anali atamva kuti ndine mlongo wa ndani. Sanandilankhulenso.

"Uwauze Loweruka asachedwe ku mpikisano," anatero Gichan Lachisanu. "Tawasungira mpando wapakati."

Ndinaganiza njira zonse. Achimwene akhoza kudwala. Akhoza kuitanidwa ku ntchito. Koma akanafuna kukawaona ndi zipatso, ndipo tsopano ankadziwa khomo loyambira. Taeung akanadzabwera pa tchuthi, wa Golide, wosadziwa ngakhale maina awo. Ndinkadziwanso chimene chidzachitike ndikanena zoona. Kusewera pa akaunti ya munthu wina n'koletsedwa, ndipo Gichan ndi mtundu wa munthu amene angakanene tsiku lomwelo; zaka za Taeung zija zikanathera pomwepo. Sakananena kuti mtsikana ndi amene anawanyamula chaka chonse. Akanati mchimwene wake ndiye anakwera pa Dayamondi, iye wangokhala pa mpando wofunda. Akanafuna ndiyesedwe, foni ili pamwamba pa zala zanga, ndipo ndikanaphonya kamodzi kokha, makadi a basi akanapeza msana watsopano.

Loweruka masana ndinavala juzi ya Taeung, yaikulu ija, n'kutuluka. Ndikanakonda kunena kuti ndinapitira Miru. Koma Miru kunalibe, ndipo sakanabwera. Ndikuganiza kuti ndinangotopa kumva dzina langa likutchulidwa mokoma chifukwa cha munthu amene kulibe.

Masitepe a pisibang amanunkha mafuta a nkhuku. Mkati munali modzaza, magulu atavala malaya ofanana, magetsi a buluu, phokoso la makiyibodi ngati mvula pa malata. Gulu lathu linali pa mzere wa kukhoma. Pa mipando isanu anamatapo mapepala a maina. Wapakati unali wopanda munthu, ndipo patsogolo pake panali kapu ya khofi wa ayezi ndi paketi yosatsegula ya kimbap, mpunga wokulunga uja. Anyamata anayi anaimirira atayang'ana kukhomo, tsitsi lopesa. Gichan anali atavala malaya a kolala.

"Saebyeol! Ali kumbuyo?" Anasuzumira pamwamba pa mutu wanga. "Akuimika galimoto?"

Ndinadutsa pakati pa iye ndi Dusik. Ndinakoka mpando wapakati n'kukhala.

Gichan anaseka. "Ayi, ayi, umenewo ndi wa achimwene. Dusik, mupezere kampando mlongo wathu."

Ndinasuntha khofi uja kuti mausi ipeze malo. Ndinatsitsa mpando pang'ono, chifukwa anaukwezera munthu wamtali.

"Gulu la kukhoma, wachisanu wafika?" anakuwa mnyamata wa pakauntala. "Akapanda kubwera mwaluza!"

"Akubwera!" anayankha Gichan. Kenako anawerama, mawu atatsika. "Saebyeol, dzuka. Si zoseweretsa izi."

Ndinalemba dzina ndi pasiwedi. Sikirini inatseguka, Gomtang atanyamula uta wake, chizindikiro cha Dayamondi chikunyezimira pambali.

"Oo, akutuma uwatsegulire?" anatero mmodzi wa mapasa. "Ndiye ali pafupi."

Dusik yekha ankayang'ana dzanja langa lamanzere, mmene zala zinakhalira zokha pa mabatani ake, chala chaching'ono chitapindika pamene chimayenera kukhala. Iye ndi amene anajambula manja a Miru.

"Wamva zimene ndanena?" Gichan anagwira mpando kumbuyo n'kuugwedeza. Anthu a magulu ena anayamba kutembenuka, ndipo makutu ake anafiira. "Akakupeza pamenepa atiyesa opanda ulemu. Dzuka, iwe. Mzukwa, ndati dzuka!"

Ndinayesa kulankhula. Milomo inayenda koma panalibe chimene chinamveka, phokoso linameza zonse.

"Chiyani? Lankhula ngati munthu!"

Ndinatembenuza mpando mpaka ndinayang'anizana naye. Sindinayambe ndamuyang'anapo m'maso. Ali ndi kachipsera kakang'ono pa chikope. Ndinakoka mpweya, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinkafunira, osweka pakati, moti mzere wonse unamva.

"Sakubwera. Ali ku usilikali kuyambira chaka chatha. Gomtang ndine, Gichan. Amene wakhala ukumutcha achimwene ndine. Amene anavina pa mtembo wa Miru ndine."